Mukabwere Ukwati Ukatha

"Ine ndi Dokotala Mbalule? Aaa, achimwene, musandichepetse. Munthu uja ndikangomuimbira foni, amaimitsa kalasi n'kutuluka panja kudzandiyankha. Za sukulu ya mayi a Thoko zija musade nazo nkhawa, chiwongolero ndagwira ndine."

Amenewo anali a Lexon, ataima pakhonde la nyumba yawo ku Area 4, akuyankhula ndi mkulu wawo wa ku Mitundu. Ankakweza mawu ngati akufuna kuti foni ikalephera, mawuwo akafike okha ku Mitunduko. Mkazi wawo, Marcelina, ankasita malaya pabalaza. Anangokumbukira tsiku lina ali mu ofesi ya a Dokotala, foni ya a Dokotalawo ikulira patebulo mpaka kutopa yokha, dzina limene anawasungira woimbayo, a Lexon omwewa, likuoneka bwinobwino: "Wa Pikapu."

A Lexon atalowa m'nyumba, anapeza simbi itaimikidwa, mwini wake atagwira m'chiuno.

"Ndiye mwati amaimitsa kalasi?"

"Kodi mwayamba kumvetsera mafoni a anthu?"

"Mzere wonse uno wamvetsera, bambo a Thoko. Ngakhale galu wa aneba anasiya kuuwa kuti amve bwino. Foni ndi imeneyo ili m'manjayo. Aimbireni."

"Panopa? Munthu wamkulu saimbiridwa chisawawa. Komanso mukudziwa kuti ali ndi ukwati pamutu."

"Ukwati ndi wa mwana wawo, koma mutu umene wausenza ndi wanga uno. Wapampando wa komiti ya zakudya ndani? Akuzungulira mumsika kufunsa mtengo wa mpunga ndani? Ine ndinapita kusukulu kuja kukatenga digiri ya Masitazi, osati kukaphunzira kugawa nkhuku imodzi kwa anthu khumi."

"Umenewo ndi ulemu, mayi. Ophunzira alipo ambirimbiri, koma anasankha inu."

"Anasankha tonse! Aliyense amene disateshoni yake, buku la kafukufuku lija, ili m'manja mwawo ali mu komiti. Amene anamusainira kale mwamuonako kumsonkhano wa ukwati?"

A Lexon anayang'ana kudenga ngati yankho analibisa kumeneko.

Nkhani inali yoti Marcelina anamaliza kulemba buku lake la kafukufuku mvula ya chaka chatha isanagwe. Chotsala chinali chimodzi: supavaiza wake, Dokotala Mbalule, asaine patsamba loyamba kuti bukulo lipite kwa oliyesa. Popanda siginecha imeneyo sukulu sipereka kalata yoti munthu wamaliza, ndipo kalatayo ndi imene bungwe lina la ku City Centre linkaidikira. Anachitako intavyu, anamukonda, koma anamuuza mosabisa kuti kalata ifike mwezi usanathe, apo ayi ntchito aipereka kwa wina. Ndipo Marcelina anali atakhalitsa pampando umodzi wa ukalaliki mpaka mpandowo unkadziwa msana wake kuposa mwamuna wake.

"Anthu ophunzira kwambiri amafuna kuwanyengerera," anatero a Lexon atapeza mawu. "Ine pikapu yanga yanyamula njerwa za mpanda wawo, yanyamula manyowa kupita kumunda kwawo. Mwandimvapo ndikudandaula?"

"Inu ayi. Koma pikapu ndaimva."

"Mudzandithokoza tsiku lina."

"Tsiku linalo lifike mwezi usanathe, chonde."

Lamlungu masana komiti inakumana kunyumba kwa a Dokotala ku Area 43, pansi pa mtengo kuseri kwa garaja, chifukwa pabalaza anali atangoyalapo kapeti yatsopano. Amene anakhala pamipando ya pulasitiki pamenepo sanali anthu wamba. Wina anali bwana kubanki, wina mphunzitsi wamkulu, wina namwino amene akalowa mu wodi anthu amasiya kutsokomola. Koma pano onse anakhala mwaulemu ngati ana a sitandade wani, aliyense envulopu yonenepa pamiyendo, kuti mwina lero.

Pafupi ndi Marcelina panakhala Frazer, wapampando wa komiti ya zamayendedwe. Iye anayamba sukuluyi mkazi wake ali woyembekezera, ndipo mwanayo tsopano ankamufunsa bambo ake chifukwa chake sakhoza mayeso.

"Achemwali, mwabwera nalonso?" anafunsa Frazer, akuloza chikwama cha Marcelina ndi chibwano.

"Ndimayenda nalo kulikonse. Kutchalitchi komwe."

"Inetu ndinamva kuti akafika pa ana a sukulu ambiri osamaliza, amapatsidwa mphoto."

"Musandiseketse, mtima wanga suli bwino."

A Dokotala anatuluka mochedwa, atavala kabudula wa kugofu, makiyi a galimoto akuliza m'manja. Onse anaimirira.

"Khalani, khalani. Madona ndi mabwana, ukwati wa mwana wanga Tamando si ukwati wa pansi pa mtengo. Kubwera anthu kumeneko. Ndikufuna sitandadi. Mukundidziwa ine, dzina langa silikhala pa chinthu chothamangitsa."

Komiti inagwedeza mitu. Zimenezo aliyense ankazidziwa bwino kwambiri.

Msonkhano utatha, Marcelina anawatsekereza a Dokotala asanalowe m'galimoto.

"Pepani Dokotala, za buku langa lija."

"Aaa, Mayi Wapampando! Mpunga mwapeza?"

"Ndapeza, Dokotala. Koma kumene ndinachita intavyu kuja akufuna kalata mwezi uno usanathe."

"Ntchito! Matenda a ophunzira a masiku ano ndi amenewa. Mumafuna satifiketi, nzeru ayi. Ine ku Ulaya supavaiza wanga anandibweza mpaka ndinayamba kulota m'Chingerezi. Chaputala chanu chachitatu chikadali chofooka."

"Chofooka pati, Dokotala, kuti ndikakonze?"

"Paliponse. Chilibe msana."

"Munatero chaka chatha, ndipo ndinachilembanso chonse."

"Ndiye mwaona kuti tikupita patsogolo. Mukabwere ukwati ukatha."

Galimoto inatuluka pageti. Marcelina anatsala akuyang'ana fumbi, mpaka Mayi Mbalule, amene onse ankawatchula kuti a Madamu, anamuitana kukhitchini kuti adzaone mapoto a pa tsikulo.

"Inetu ndikungodikira Lamlungu la mawa lake," anatero a Madamu akutsegula makabati. "Ukwati Loweruka, m'mawa mwake tili mu ndege, kukaona mwana wathu wamkulu kunja. Adadi akufunika kupuma. Tidzabwera mvula itagwa."

Chivindikiro chimene Marcelina anagwira chinagwa pansi n'kuzungulira nthawi yaitali chisanakhazikike. A Madamu anamuyang'ana.

"Sanakuuzeni?"

"Anati ndikabwere ukwati ukatha."

A Madamu anausa moyo. "Mwana wanga, ine ndinasiya kufunsa. Mabuku anuwo adzaza chipinda cha alendo mpaka pawindo. Abale akubwera ku ukwati, ndikusowa powagoneka. Ndikanena, amati sindidziwa za maphunziro."

Pakati pa sabata Marcelina anapempha kunyamuka msanga kuntchito, napita kukaonana ndi a Pulofesa, mkulu wa dipatimenti. Anabwerako dzuwa likulowa, naponya chikwama pampando a Lexon akupukuta nsapato.

"Ndikutuluka mu komiti."

"Mwayamba misala?"

"Ndinali kwa a Pulofesa. Akuti Dokotala ndi mnzawo, ayankhula nawo mwaubale ikapezeka nthawi. Akuti ndikafuna andisinthira supavaiza, koma watsopanoyo adzafuna tiyambire pachiyambi. Ndiye potuluka akundifunsa ngati ku ukwati kudzakhale chambo, poti iwo ndi mlendo wolemekezeka ndipo nyama yofiira anawaletsa."

"Ndiye munawayankha bwanji?"

"Bambo a Thoko! Mwamva zonsezi, chimene chakukhudzani ndi chambo?"

"Ayi, ndimangofunsa. Koma za kutuluka mu komiti iwalani. Anthu adzati chiyani? Ine suti ndagula kale. A Dokotala anandiuza ndi pakamwa pawo kuti pa tsikulo ndidzakhala kutsogolo."

"Inu mukhale kutsogolo, ine ntchito indipite?"

"Nanga mukatuluka ndiye asaina?"

Marcelina anakhala pansi pafupi ndi chikwama chake.

"Tamverani, mayi," a Lexon anaika nsapato pansi. "Mukatuluka lero, munthu uja akusungirani kumtima, ndipo siginecha yake mudzaiona muli ndi ndodo m'manja. Mukakhala, mwina. Ifetu tilibe china, tili ndi mwina yekhayo."

Chimene chinamupweteka Marcelina n'chakuti pa zonse zimene a Lexon anayankhula mwezi umenewo, apa pokha ananena zoona. Sanatuluke mu komiti. Anagula mpunga, anakangana ndi ogulitsa nkhuku, ndipo chambo cha a Pulofesa anakasankha yekha.

Tsiku la ukwati linafika. Madyerero anali pa gadeni ina yaikulu, matenti oyera mbuu, maluwa mpaka pamitengo imene inali ndi maluwa ake kale. A Lexon anakhaladi kutsogolo. Anawaika pageti, atawaveka kajekete konyezimira pamwamba pa suti yatsopano, kuti azilozera magalimoto poima. Marcelina anali kuseri kwa tenti yaikulu chiyambire mbandakucha, atamanga chitenje cha komiti, maso ofiira ndi utsi. Chikwama chake anachikankhira pansi pa tebulo la mbale.

Anthu atadya, perekaniperekani inayamba. A Emusi, woyendetsa mwambowo, anali mnyamata wa suti yofiira ndi pakamwa posatopa. Anaitana akuchimuna, anaitana akuchikazi, anaitana ovala magalasi, anaitana onse amene anabwera ndi mutu. Ndalama zinkawuluka, makashiya akutola m'malichero. Kenaka anadzuka malume ake a mkwatibwi, amene anali atayamba chikondwerero dzulo lake, nalanda maiki.

"Ine ndikupereka iyi kuti alamu anga, a Dokotala, avule jekete, avine pano tiwaone!"

"Mwamva, Dokotala!" anakuwa a Emusi. "Lamulo la pano mukulidziwa. Wapereka walamula. Ngati simukufuna, iphani ndi yanu yoposa pamenepa. Apo ayi, jekete pansi!"

A Dokotala anayang'ana makamera, naseka, navula jekete. Anavina ngati munthu amene akupha nyerere ndi phazi limodzi, koma anavina. Anthu anakuwa.

Marcelina anaona zonsezi ali pakona pa tenti, chipande m'manja. Munthu amene sankatheka kumuimitsa pakhonde la sukulu, amene a Pulofesa ankamuopa, wavula jekete chifukwa chidakwa chaponya ndalama m'lichero. Anaika chipande pansi. Anasamba m'manja bwinobwino, napukuta, nasolola chikwama pansi pa tebulo. M'menemo munali buku, ndi ndalama zimene anasungira magetsi ndi ndiwo za kunyumba.

"Eee, taonani amene akubwera!" anatero a Emusi. "Amayi athu a zakudya! Mpunga munadya uja ndi manja awa. Awombereni m'manja! Mayi, mukulamula chiyani? Avinenso?"

Marcelina anaika ndalama zonse m'lichero. Kenaka anayandikira maiki.

"Ndikupereka iyi kuti bambo a mkwatibwi asaine apa."

A Emusi analandira bukulo, nalikweza m'mwamba ndi manja awiri ngati mwana wobadwa kumene. "Mayo ine, kulemera! Ndi chiyani chimenechi, mayi? Malangizo a banja?"

"Ndi disateshoni yanga. Iwo ndi supavaiza wanga. Ndinamaliza chaka chatha, yangotsala siginecha yawo."

Alendo anaseka, poganiza kuti ndi sewero limene komiti inakonza. Tebulo limodzi lokha silinaseke, la kumapeto kwenikweni pafupi ndi jenereta, pamene panakhala ophunzira a Dokotala.

A Dokotala anamwetulira ndi mano okha. "Za kusukulu, kusukulu," anatero, natulutsa kachikwama. "Ndikuipha."

"Yaphedwa!" A Emusi analumpha ndi chimwemwe, poti ntchito yawo inali yodzaza lichero, osati yoweruza milandu. "Dokotala aipha! Mayi, muli ndi mawu?"

M'chikwama mwa Marcelina munangotsala chiphaso ndi mankhwala a mutu. Anaima pamenepo pakati pa bwalo, akununkha utsi, maso onse ali pa iye. Anatambasula dzanja kuti atenge buku lake.

Mpando unakhuluka kumapeto kuja. Frazer ankabwera pang'onopang'ono ngati akupita kukachotsa dzino. Sanayang'ane a Dokotala. Anaponya zake m'lichero nati, "Ndikuidzutsa. Asaine."

Pambuyo pake panabwera namwino uja, kenaka bwana wa kubanki, kenaka tebulo lonse, wina akubisala kumbuyo kwa mnzake. Dijeyi, amene ankangoona kuti anthu adzuka, anaika nyimbo.

"Yadzuka!" anakuwa a Emusi. "Ana a sukulu aidzutsa! Dokotala, kachikwama kaja kakadalipo?"

Kanalipo. A Dokotala anaiphanso, koma ulendo uno osamwetulira. Thukuta linatulukira pamphumi. Kutebulo lapamwamba a Pulofesa anapeza ntchito yofunika kwambiri yochotsa minga m'chambo chimene anali atachimaliza kale.

Phokosolo ndi limene linawachotsa a Lexon pageti. Anafika akuthamanga, namugwira Marcelina pamkono.

"Mayi a Thoko, mwatani kodi? Mukundichititsa manyazi pamaso pa anthu!"

A Dokotala ataona kajekete konyezimira, nkhope yawo inamasuka. Anakodola ndi chala.

"Eya, agadi, mwafika bwino. Tawaperekezani mayiwa kukhitchini, atopa."

A Lexon anacheuka kuti aone gadi amene akunenedwayo. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu. Anayang'ana kajekete kawo, nayang'ana a Dokotala, nayang'ananso kajekete.

"Agadi?" anafunsa motsitsa. "Dokotala, ndine Lexon."

"Chabwino, a Lekisoni, mudzationa tikamaliza. Pakali pano gwirani ntchito yanu."

A Lexon anasiya mkono wa mkazi wawo. Anavula kajekete kaja, nakapinda mosamala, nakaika patebulo la keke. Kenaka anapisa m'thumba la mkati mwa suti, nakhuthulira m'lichero zonse zimene zinalimo, ndi makobidi omwe.

"Awa ndi akazi anga," anatero pa maiki, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanafunike kukweza mawu. "Asaine."

Tsopano alendo anali atazindikira kuti si sewero, ndipo anaikonda nkhaniyo koposa. Ena anaimirira pamipando. Malume aja ankakuwa kuti asaine, asaine, ngakhale sankadziwa kuti asaine chiyani. A Dokotala anatsegulanso kachikwama, koma asanatulutse kanthu, kutebulo lapamwamba kunadzuka chipewa chachikulu cha nthenga. A Madamu anatsika masitepe mosathamanga, natsegula chikwama chawo, naika mtolo wawo pamwamba pa zonse.

"Ine ndikuwonjezera," anatero. "Adadi, sainani. Ndipo musayerekeze kupha yanga, poti m'kachikwamamo zatsalazo ndi zolipira matenti."

"Dadi, chonde sainani, tidule keke," anatero mkwatibwi, akubisa kuseka ndi maluwa.

Panalibenso kothawira. Munthu akhoza kupikisana ndi ophunzira ake, koma sangapikisane ndi mkazi wake pa ukwati wa mwana wawo, makamera akujambula. A Emusi anayala bukulo patebulo la keke, natsegula tsamba loyamba, natulutsa cholembera m'thumba mwawo. Ndipo pofuna kuti anthu amve ngakhale kukanda kwa cholembera, anaika maiki pafupi ndi pepala.

A Dokotala anawerama. Magalasi anali atawasiya m'jekete lija anavula povina. Anasinzinira maso patsambalo, nalisendeza kutali, nalibweza pafupi. Kenaka anatembenukira kwa Marcelina, nanong'oneza.

"Paja munkalemba za chiyani, mayi?"

Funsolo linatulukira m'masipika onse, mpaka pageti. Dijeyi anazimitsa nyimbo. A Pulofesa anasiya minga ija.

Marcelina anawayang'ana a Dokotala. Anali atakonzeka kukanidwa, kunyozedwa, ngakhale kuthamangitsidwa, koma izi sanazikonzekere. Anatenga maiki m'manja mwa a Emusi.

"Za ntchito zimene amayi amagwira popanda malipiro, Dokotala."

Kuseri kwa tenti, kumene amayi a komiti ankatsuka mbale, kunamveka nthungululu, imodzi kaye, kenaka zonse pamodzi.

A Dokotala anasaina msangamsanga, naponya cholembera patebulo, natembenuka kuti azipita. Marcelina anayang'anitsitsa tsambalo, natola cholembera chija, nawapatsanso ndi manja awiri, atapinda mawondo pang'ono monga mwa ulemu.

"Ndi deti lomwe, Dokotala."